Mtima m'mwamba, mapazi pansi: zimene yoga ingachite m'nyumba ya msilikali

Tinali pakhonde madzulo ena a mu Novembala, kwathu kufupi ndi Ngabu, kunja kukutentha moti nkhuku zinali kukamwa yasa pansi pa nkhokwe. Achimwene anga anali atangofika kumene patchuthi kuchokera ku Congo. Amayi anali atapha mbuzi, abale atadzaza bwalo, ana akulimbirana kuyesa jombo za bambo awo. Ndiye kumsewu wa M1, womwe suli patali ndi kwathu, tayala la thiraki linaphulika: phuu! Tonse tinangocheuka. Koma achimwene tinawaona ali kale pansi chafufumimba, mbale ya nsima itagubuduzika, dzanja likufufuza chinthu chimene panalibe.

Anadzuka n'kudzisasa fumbi uku akuseka. Ifenso tinaseka nawo, nanga tikanatani. Amayi okha ndiwo sanaseke. Anangoti, "Mwanangu, kuno n'kwanu. Khazika mtima pansi."

M'mawa mwake alamu anandikokera kuseri kwa khitchini. "Alamu, achimwene anuwa sagona," anatero chapansipansi. "Amakhala tsonga pamphasa, maso ali kuchitseko, mpaka tambala woyamba. Akati atseke maso amadzidzimuka thukuta lili kamukamu. Ndikawakhudza osawachenjeza amandigwira mkono mwamphamvu ngati sakundidziwa."

Mawu a amayi aja ndakhala nawo zaka. Khazika mtima pansi. Timauzana zimenezi pamaliro, kuchipatala, pabwalo la milandu, koma palibe amene amatiuza kuti mtimawo amaukhazika bwanji ukakana. Yoga, mafizo ndi kapumidwe kochokera ku India, mmene ndaimvetsera ine, ndi njira imodzi yochitira ndi thupi chimene mawuwa amanena pakamwa. Ndikukhulupirira kuti mabanja a asilikali, makamaka ife okhala kutali ndi Cobbe Barracks ku Zomba, Kamuzu Barracks ku Lilongwe kapena Moyale ku Mzuzu, tiyenera kuidziwa bwinobwino, mpaka pamene mphamvu zake zimathera.

Zimene amabwera nazo

Asilikali athu si alendo ku nkhondo zakutali. Agogo athu ena anakamenya nkhondo ku Burma ali m'gulu la King's African Rifles, lomwe chipilala chake chikadali chiimire ku Zomba. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 asilikali a Malawi ankalondera njanji ya ku Nacala nkhondo ya ku Mozambique ili mkati, nthawi imene kuno ku Nsanje ndi Chikwawa kunadzaza anthu othawa nkhondoyo. Kuyambira mu 2013 akhala akupita kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo, m'gulu lapadera la United Nations limene linayamba ndi asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa, ndipo linapatsidwa mphamvu zokathira nkhondo magulu a zigawenga, osangoti kulondera.

Mu Novembala 2018, kufupi ndi Beni, asilikali a Malawi osachepera 6 ndi mmodzi wa ku Tanzania anaphedwa polimbana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo anali Chancy Chitete, yemwe anawomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene anali atavulala. Mu Meyi 2019 United Nations inamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne, imene imaperekedwa kwa okhazikitsa mtendere osonyeza kulimba mtima kwapadera. Mu Januwale 2025 asilikali ena atatu a Malawi, omwe anapita pansi pa SADC, anafa pankhondo yolimbana ndi zigawenga za M23 m'dera la Goma. Mayina a omwalira timawamva pawailesi, maliro awo timawaona. Amene sitiwawerenga ndi aja anali pambali pawo tsikulo, ananyamula mitembo, kenako n'kukwera ndege kubwera kwawo ali amphumphu, opanda bala looneka ngakhale limodzi.

Chimene chimachitika m'thupi la munthu wotere si ufiti, si kupepera, ndiponso si kuchepa kwa chikhulupiriro. Munthu akakumana ndi zoopsa, ubongo umakuwa ngati mmene timakuwira mbava ikalowa m'khola usiku. Tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima umathamanga, mpweya umafupika n'kumathera pachifuwa, minofu imakungika, m'mimba mumaleka kugaya chakudya. Zonsezi ndi zabwino ng'ona ikavuuka padooko, chifukwa ndi zimene zimakupulumutsa. Ngozi ikapita, mbali ina ya mitsempha imabwezera zinthu m'malo mwake, mtima n'kudekha, njala n'kubwera, tulo n'kubwera. Koma munthu amene watha miyezi m'nkhalango momwe kuthyoka kwa kamtengo kukhoza kukhala imfa, thupi lake limazolowera kusaleka kukuwa. Ndipotu ntchito yakeyo imamuphunzitsa zomwezo: khala tcheru, usagone tulo tofa nato, usafulatire khomo. Kunkhondo khalidwe limeneli ndilo limamusunga. Pakhonde la amayi ake limasanduka mtolo.

Ife a kuchigwa izi tisazione ngati zachilendo. Amene anali ku Makhanga mu Januwale 2015, madzi atazinga mbali zonse, anthu ali m'mitengo ndi pazulu kudikira mabwato ndi helikopita za asilikali, amadziwa chimene mvula ya usiku imachita kumtima. Panabwera anamondwe: Idai mu 2019, Ana mu 2022 n'kugumula damu la Kapichira ndi kudula msewu wa M1, kenako Freddy mu Malichi 2023 amene anasiya anthu oposa 1,000 m'dziko muno atafa kapena atasowa. Lero mvula ikangoyamba kugunda malata pakati pa usiku, alipo amayi amene amadzuka n'kuyamba kumanga katundu m'chitenje, chonsecho nyumba yawo tsopano ili kumtunda. Mutu ukudziwa kuti ngozi palibe, thupi likukana kumva. N'zomwezo zimene zinagwetsa achimwene tayala litaphulika. Ndipo asilikali amene ankavuula amoyo ndi akufa m'madzi ndi m'matope masiku amenewo, nawonso anapita nazo kunyumba zimene anaona.

Kwa anthu ambiri zimenezi zimazirala zokha pakapita masabata. Zikapitirira mwezi, munthu n'kumalota zomwezomwezo, kumaona ngati zikuchitikanso masanasana, kumapewa malo ndi nkhani zomukumbutsa, kumapsa mtima pa tinthu tating'ono mpaka moyo wa tsiku ndi tsiku kusokonekera, madokotala amati mwina ndi PTSD, matenda a maganizo obwera munthu akaona zoopsa. Dzinali linalowa m'buku la madokotala a matenda a maganizo ku America mu 1980, itatha nkhondo ya ku Vietnam, ngakhale vutolo ndi lakale ngati nkhondo yomwe. Nthambi ya boma la America yoona za asilikali opuma inanenapo kuti mwa asilikali 100 amene anamenya nkhondo ku Iraq ndi Afghanistan, pakati pa 11 ndi 20 amakhala ndi vutoli m'chaka. Ndiye kuti ambiri sadwala, ndipo tisamayang'ane msilikali aliyense wochokera ku Congo ngati wodwala. Koma otsalawo si ochepa ayi, ndipo aliyense ali ndi nyumba yake.

M'nyumbamo muli amene sanapiteko. Alamu anga sanamvepo kulira kwa bomba, koma chaka chonse chimene amuna awo anali kutali ankagona foni ili pansi pa pilo. Uthenga wa pa WhatsApp ukakhala ndi kachongi kamodzi masiku awiri, nsima sinkatsika. Ikamveka nkhani pawailesi yoti asilikali a Malawi afa, mayina asanatchulidwe, maola amenewo mkazi wa msilikali aliyense m'dziko muno amakhala namfedwa. Ana nawo amaona zonse ngakhale sanena. Mwana wawo wamkulu, ali sitandade 5, anayambiranso kukodza pogona. Bambo akabwera chisangalalo chimakhala cha sabata, kenako nyumba iyenera kuphunziranso kukhala ndi munthu amene wasintha, pomwe mayi anazolowera kugamula yekha za fizi, za aganyu kudimba, za ng'ombe. Kwa mabanja ena kubwerako kumavuta kuposa kutsanzikana.

Amuna athu ali ndi mankhwala awo odziwika. Kachasu amagonetsadi, koma tulo ta mowa n'tosakhalitsa: munthu amadzuka pakati pa usiku mtima ukugunda kuposa poyamba, ndipo mawa amafuna wochulukirapo. Paja tinakula tikumva kuti mwamuna salira, ndiye kuli bwanji mwamuna wa yunifomu.

Ng'ombe ziwiri pagoli limodzi

Yoga inachokera ku India ndipo yatha zaka zoposa 2,000. Liwuli ndi la chinenero cha Sanskrit, lochokera ku tsinde lotanthauza kumanga pagoli. Kwa ife a ku Ngabu, kwawo kwa ng'ombe, zimenezi sizifuna kumasulira kwambiri. Ng'ombe ziwiri zikakhala pagoli limodzi, ina ikuthamanga ina ikutsalira, ngolo imakhota n'kukagwera m'ngalande. Mutu wa achimwene unkadziwa kuti afika kwawo, thupi linali likadali m'nkhalango ya ku Congo. Ntchito ya yoga ndi kuziyendetsa ziwirizi limodzi.

Mphunzitsi wakale wotchedwa Patanjali anaigawa m'nthambi 8, ndipo kupinda thupi kumene timaona pazithunzi za pa Facebook ndi nthambi imodzi chabe. Zina ndi za makhalidwe, monga kusapweteka ena ndi kunena zoona, zina za kapumidwe, zina za kusonkhanitsa maganizo pamalo amodzi. Mu Disembala 2014 United Nations inakhazikitsa 21 Juni kukhala tsiku la yoga padziko lonse. Asilikali a ku India, omwe ndi ambiri pantchito zokhazikitsa mtendere kuphatikizapo kum'mawa kwa Congo, amaichita ngakhale ali kumeneko, ndipo achimwene anaionera kwa iwowo koyamba. Amati ankawaona m'mamawa atayala timikeka pabwalo, iwo ndi anzawo n'kumanong'onezana kuti taonani akuluakulu a ndevu zawo akusewera ngati ana. Sankadziwa kuti tsiku lina adzaifuna.

Mtima wa nkhaniyi uli pa liwu limodzi la Chichewa. Timati kupuma tikamanena za mpweya, timati kupuma tikatula khasu pansi pa mtengo, timatinso wapuma tikamanena msilikali amene wamaliza zaka zake. M'thupi zinthu zimenezi n'zolumikizanadi. Mtima sungauuze kuti chepetsa liwiro, m'mimba sungalamulemo, koma mpweya ungathe kuugwira, kuutalikitsa, kuufupikitsa. Pali mtsempha waukulu wotchedwa vagus, wochoka kuubongo, kutsika m'khosi, kukafika kumtima, m'mapapo ndi m'mimba. Nthawi iliyonse tikamatulutsa mpweya, mtsemphawu umachepetsako kugunda kwa mtima. Tikamakoka, mtima umafulumirako. Gwirani pamkono paja amagwira anamwino, mupume mozama pang'onopang'ono, ambiri mudzamva nokha kusinthako. Choncho munthu akamatulutsa mpweya nthawi yotalikirapo kusiyana ndi yokokera, amakhala akuliuza thupi kuti mbava ija yapita, leka kukuwa. Munthu wamkulu atangokhala amapuma ka 12 mpaka ka 20 pamphindi. Pa kapumidwe kodekha aka amatsika kufika pafupifupi ka 6.

Asilikali ndi apolisi m'mayiko ena amaphunzitsidwa kale zofanana ndi zimenezi asanalowe pamalo oopsa: kukoka mpweya powerenga mpaka 4, kuugwira mpaka 4, kuutulutsa mpaka 4, kudikiranso mpaka 4. Ndiye msilikali amene akuti yoga ndi za azimayi a m'tauni, mwina gawo lina amalichita kale osadziwa.

Nanga umboni ukuti bwanji? Mu 2006 chipatala cha asilikali cha Walter Reed ku America chinayesa njira yotchedwa iRest, imene katswiri wa za maganizo Richard Miller anaikonza kuchokera ku yoga nidra, yoga yochita chogona, pamene munthu amatsogoleredwa kuyendera ziwalo za thupi lake ndi maganizo chimodzichimodzi. Kuchokera apo inafalikira m'zipatala zina za asilikali. Mu 2014 gulu la dokotala wa matenda a maganizo Bessel van der Kolk linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa amayi 64 amene PTSD yawo inali itakanika chithandizo china. Amayiwa sanali asilikali. Patatha masabata 10, amayi 16 mwa 31 amene ankachita yoga sanapezekenso ndi zizindikiro zokwanira matendawa, pomwe m'gulu limene linkangophunzira za umoyo anali 6 mwa 29. Chaka chomwecho Emma Seppälä ndi anzake anayesa kapumidwe ka yoga pakati pa asilikali opuma 21 ochokera ku Iraq ndi Afghanistan, n'kupeza kuti nkhawa ndi zizindikiro za PTSD zinatsika.

Anthu amenewa ndi ochepa, ndipo ndiyenera kunena poyera. Malangizo a mu 2023 a madokotala a asilikali ku America amaika patsogolo chithandizo cholankhulana ndi katswiri, pamene munthu amayang'anizana pang'onopang'ono ndi zimene zinamuchitikira. Pa yoga amati umboni sunakwane woivomereza kapena kuikana ngati chithandizo cha PTSD. Amene angakuuzeni kuti yoga payokha imachiza matendawa akukunamizani, makamaka ngati akufuna ndalama. Pamene umboni uli wolimbirapo ndi pa msana. Mu 2017 bungwe la American College of Physicians linaika yoga m'gulu la njira zoyamba kuyesa pa msana wopweteka nthawi yaitali, munthu asanathamangire mapiritsi. Kwa amene wayenda zaka atabereka chikwama cholemera, mfuti ndi zipolopolo, imeneyi si nkhani yochepa. Ndiponso za msana mwamuna amadandaula popanda manyazi. Achimwene sakanavomera kuyamba chifukwa cha maloto. Anayamba chifukwa cha msana.

Pamphasa

Kuno kuchigwa nthawi yake ndi mbandakucha, dzuwa lisanasuzumire kumapiri a Thyolo, chifukwa mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40 ndipo pofika 8 koloko thupi silifunanso kanthu. Zovala zapadera sizifunika. Mphasa ya bango kapena mkeka wa mlaza pabwalo losesa bwino, basi zakwana.

Ndinawaonerera tsiku lina. Amayamba ataimirira opanda nsapato, mapazi atatalikirana pang'ono, n'kumamvetsera pamene chidendene, zala ndi m'mbali mwa phazi zakhudza pansi. Aphunzitsi a yoga amati uku ndi kuima ngati phiri. Ukaonera patali ungati ali paperete, koma n'zosiyana kwambiri. Paperete mawondo amakungika, chifuwa panja, nsagwada zolumana, khutu likudikira lamulo. Apa mawondo amafewa, mapewa amagwa, lilime limamasuka, ndipo palibe bwana amene akubwera kudzayendera. "Iwe," anandiuza atamaliza, "kupinda msanaku si nkhani. Chinandivuta ine n'kuima osadikira kanthu."

Akatero amagwada, manja pansi, n'kumakweza msana ngati mphaka akudziwongola, kenako kuutsitsa, motsatana ndi mpweya. Amakhalira zidendene, mphumi itagunda mphasa, manja atatambalala kutsogolo. Amagona chagada n'kutsamiritsa miyendo kukhoma la nyumba, zimene alamu amazikonda akachoka kudimba miyendo italemera. Pomaliza amakhala tsonga, dzanja limodzi pamimba, kukoka mpweya ndi mphuno powerenga mpaka 4, kuutulutsa mpaka 6, mimba ikukwera ndi kutsika pansi pa chikhatho. Zonse pamodzi ndi mphindi 15 kapena 20. Zoimika miyendo m'mwamba mutu uli pansi zija palibe.

Pali zinthu zimene aphunzitsi ogwira ntchito ndi anthu oona zoopsa amazisamala kwambiri, ndipo banja lililonse lizidziwe lisanayambe, chifukwa apa ndi pamene chinthu chabwino chingapweteke munthu. Kukhala chete n'kutseka maso si mpumulo kwa aliyense. Kwa ena ndi pamene zithunzi zija zimabwera mwamphamvu. Choncho maso akhoza kukhala otsegula, akuyang'ana chinthu chimodzi, kaya tsinde la msawu kaya mtondo wosinjira. Munthuyo asankhe yekha pokhala, ndipo ambiri amasankha pamene msana uli kukhoma, khomo akuliona. Musamudutse kumbuyo. Musamugwire kuti mumukonze. Musamulamule: msilikali wamva malamulo okwanira, ndipo chimene akuphunzira apa n'chakuti thupili ndi lake, akhoza kusiya pamene wafunira. Kugona chagada osagwedezeka kumene amatsekera yoga, dzina lake m'Sanskrit limatanthauza mtembo. Aphunzitsi ambiri a asilikali salitchula dzinalo, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu. Mtima ukayamba kuthamanga zili mkati, munthu aleke, atsegule maso, apondetse mapazi pansi, atchule mokweza zinthu zisanu zimene akuziona, ndowa, mbuzi, njinga, chilichonse, kenako anene dzina la mudzi umene ali ndi tsiku lake.

Amayi oyembekezera ndi odwala BP asamagwire mpweya ndiponso asamaweramitse mutu nthawi yaitali. Amene anavulala msana kapena bondo, kapena anachitidwa opaleshoni, ayambe afunsa kuchipatala. Ululu wobaya ukamveka, siyani.

Chimene ndinaona chikusintha poyamba si maloto ayi, koma m'mawa wa nyumba ija. Achimwene sankatha kuuza akazi awo zimene anaona, ndipo mpaka lero zambiri sananene. Alamu sankadziwa kuti afunse chiyani. Koma pamphasa ziwiri zoyalidwa moyandikana panalibe chofunsana. Ankangopuma limodzi, ana n'kumawatsanzira uku akuseka. Chinali chinthu choyamba chimene anachitira pamodzi chibwerereni, chosakhudza ndalama kapena mlandu.

Amayi ndiwo anafunsa funso limene ambiri muli nalo, ndipo ndi funso loyenera: "Kodi zimenezi si zopembedza milungu ya Amwenye?" Sindilizemba. Yoga inakulira m'zipembedzo za ku India, makamaka Chihindu. Mayina ena a kaimidwe ndi a anthu a m'nkhani zawo zachipembedzo, ndipo alipo magulu amene amaichita ndi nyimbo ndi mapemphero awo. Atsogoleri ena a mipingo ndi mizikiti amaikana pa chifukwa chimenechi, ndipo munthu amene chikumbumtima chikumuletsa asakakamizidwe. Koma imene amaphunzitsa m'zipatala za asilikali nthawi zambiri ilibe zimenezo. Muli kuwongola thupi, kupuma, ndi kutchera khutu ku thupi lako. Alamu, omwe ndi a Mvano, potulutsa mpweya amanena chamumtima vesi la m'Masalimo limene amalikonda. Ngati dzina loti yoga ndilo likukupunthwitsani, lisiyeni, muzingoti mafizo ndi kupuma. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kumeta nako sikukusandutsa mlendoyo.

Pamene mphasa imathera

Munthu akayamba kulankhula zodzipha, akamamwa tsiku ndi tsiku kuti agone, akamamva mawu kapena kuona zinthu zimene ena sakuziona, akatha masabata tulo tisakubwera, ameneyo apite kuchipatala lero lomwe. Poyambira ndi chipatala cha boma cha Chikwawa kapena cha Nsanje. Funsani woona za matenda a maganizo, ndipo pakafunika amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Zomba Mental Hospital. Kulinso Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Amene akadali pantchito ali ndi zipatala ndi abusa a asilikali kumalo awo. Kupita kumeneko si kuvomera misala. Achimwene nawo anadzapita kukaonana ndi mlangizi patapita miyezi, ndipo amati anatha kukhala pampando uja n'kuyamba kufotokoza chifukwa anali ataphunzira kutsitsa mpweya pamene pakhosi patsekeka.

Ndipo ichi ndinene mosapsatira kwa azichemwali anga okwatiwa ndi asilikali. Nkhondo ingafotokoze kumene ukali wachokera, koma siipatsa munthu chilolezo chomenya mkazi kapena ana. Dzanja likakwezedwa, nkhaniyo siilinso ya kupuma mozama. Ndi ya ankhoswe, ya Victim Support Unit kupolisi, ya moyo wanu ndi wa ana anu.

Achimwene masiku ena amadzidzimukabe usiku, ndipo pagulu amasankhabe mpando woyang'ana kukhomo. Atatumizidwanso ku Congo ulendo wachiwiri, anapangana ndi alamu kuti 5 koloko m'mawa aliyense aziyala pamene ali, ntchito ikalola. Kum'mawa kwa Congo ndi kuno wotchi imawerenga chimodzimodzi, ndiye 5 koloko ya ku Ngabu inalinso 5 koloko ya kumeneko. Panali sabata ina imene uthenga unakhala ndi kachongi kamodzi masiku anayi. Ndinagona kwawo sabata imeneyo. M'mawa uliwonse ndinkamva chitseko chikutseguka kukadali chisisira, mphasa ikuyalidwa pabwalo, alamu akuwerenga chapansipansi mpaka 4, kenako mpaka 6. Akamaliza ankaipinda, kudzutsa ana kuti akonzekere sukulu, n'kunyamula khasu ulendo wa kudimba dzuwa lisanakwere.